Thabwa la pa Manda a Ticha Agbeko

"Fufuta zimenezo," anatero Tasi Mawusi, Dodzi asanamalize n'komwe kuwerenga.

Dodzi anaimika cholembera m'malere. Anali atangofika pa mawu akuti malemu anasiya uphunzitsi n'kutsegula malo oti anthu azipangirapo zinthu zawo ndi makina. Ankalemba mbiri ya mkulu wake Agbeko, yoti ikasindikizidwe m'kabuku ka maliro, ndipo aka kanali kachitatu kuiwerenga pakhonde la nyumba ya malemuyo m'tauni ya Ho.

"Nanga ndilembe chiyani, achemwali?"

"Lemba kuti anali hedimasitala wopuma pa ntchito."

"Koma sanakhaleko hedimasitala."

"Akanakhala, akanapanda kupenga. Lemba."

Dodzi analemba. Anali bambo wa imvi zake, kalaliki ku ofesi ya boma, koma pamaso pa mlongo wake wamkuluyo ankafota ngati tsamba la chinangwa padzuwa. Mawusi anamuyang'ana akulemba ndipo sanamve chisoni. Mwa ana atatu a bambo awo, mmodzi anapenga, wina anabadwa wopanda msana, ndipo mutu wonse unatsalira kwa mkazi. Umo ndi momwe iwo ankaonera zinthu, ndipo sankabisa.

Anafika kuchokera ku Accra patapita masiku awiri Agbeko atamwalira, atanyamula mipukutu ya nsalu yofiira ndi yakuda ya m'sitolo mwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe nkhuku inaphedwa pabwalopo iwo asanavomere. Ana a Agbeko ankawatchula kuti Tasi, ndiye kuti azakhali, ndipo dzinali linafala mpaka anthu adera ankawaitana choncho. Thupi linali ku mochale sabata yachitatu tsopano. Maliro anali oti aikidwe Loweruka.

Esinam, mkazi wa malemuyo, anali pa mphasa kuseri kwa chitseko, atavala zakuda monga mwa mwambo. Anamva zonse. Mawusi sankamuwerengera. Mkazi wanji amene mwamuna wake akulemba kalata yosiya ntchito ya boma, iye n'kumangomuwiritsira tiyi m'malo mogona pakhomo n'kukuwa mpaka aneba atabwera?

Nkhani ya Agbeko inali bala la Mawusi. Bambo awo anali ndi chigayo kumapeto kwa bwalo lomwelo, ndipo chaka china ananena kuti chigayocho chingathe kuphunzitsa mwana mmodzi yekha. Mawusi anasiyira m'kalasi yachitatu. Anasenza mabeseni a nsomba zowamba kuchokera ku Kpando, kenako anayamba kugulitsa nsalu, ndipo ndi khosi lawo lomwe linafikitsa Agbeko ku koleji ya aphunzitsi. Tsiku lomwe anayamba ntchito, Mawusi anazungulira msika wonse akuuza aliyense kuti mlongo wawo ndi Ticha. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri Agbeko anaphunzitsa masamu ndi kujambula mapulani, malaya oyera ositidwa bwino, choko m'thumba. Anthu ankamuvulira chipewa pamsewu.

Ndiye panabwera tchuthi china pamene anatumizidwa ku Takoradi ku maphunziro a aphunzitsi a masabata awiri. Kumeneko anaona makina amene ankalavula pulasitiki wosungunuka, kaulusi pamwamba pa kaulusi, mpaka chinthu chojambulidwa pa kompyuta chitaumbika n'kugwirika m'manja. Anabwerako ngati munthu wodyetsedwa mankhwala. Anayamba kupita ku Accra Loweruka lililonse, osati kukaona mlongo wake, koma kukafukula kudzala komwe amatayako makompyuta akufa. Mkazi wina wa mumsika anamuona kumeneko, mathalauza atapinda, akuphwasula mimba ya makina ojambulira mapepala, ndipo anathamanga kukauza Mawusi pamaso pa makasitomala. Manyazi a tsiku limenelo Mawusi sanawaiwale.

Ndi zotolatolazo Agbeko anamanga makina ake. Anapita nawo kusukulu, koma mkulu wa sukuluyo anamuuza kuti zimenezo sizibwera pa mayeso, azichita kunyumba kwake. Anapirira zaka ziwiri, kenako anasiya ntchito, kutatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti apume mwaulemu. Anasesa m'chigayo cha bambo awo, chomwe chinali chitafa kalekale, n'kuikamo makinawo. Pambuyo pake anawonjezera ena odula matabwa, ndi ena owotcha zilembo ndi kadontho ka kuwala. Anati aliyense wofuna alowe. Anthu anapitiriza kuwatchula malowo kuti kuchigayo, ndipo m'menemo ndi momwe Agbeko anagwera masana ena, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ali ndi sikuludilaiva m'manja ngati makaniko wapamsewu.

Dodzi anali asanatseke kope pamene anthu atatu analowa pageti. Patsogolo panali mayi wonenepa, wa zaka ngati makumi asanu, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Pambuyo pake panali bambo wa manja a girisi ndi wina wowonda wovala malaya othimbirira utoto. Anapereka moni mwa ulemu wonse, kuyambira kumanja, ndipo anamwa madzi omwe anapatsidwa. Mayiyo anati dzina lake ndi Yayra, telala wa kumsika. Anati iwo ndi ena mwa anthu a kuchigayo, ndipo abwera ndi pempho. Anatambasula pepala lalikulu pa tebulo. Pamenepo panali pulani ya bokosi la maliro. Anafotokoza kuti anthu makumi atatu agwirizana kuti adule bokosilo ndi makina a Ticha, aliyense adule thabwa lake, ndipo lidzalumikizana lokha popanda msomali, monga momwe iye anawaphunzitsira.

Mawusi sanaligwire pepalalo. Analiyang'ana ngati chinthu chomwe mphaka wasiya pakhonde.

"Daavi, mayi iwe, umasoka madiresi, eti?"

"Inde, Tasi."

"Ndiye ukasoke madiresi. Mlongo wanga sadzalowa m'manda m'katoni ngati firiji. Bokosi lake likubwera mawa kuchokera ku Accra, la zogwirira zagolide. Munamudya ali moyo, mukufuna mumuseweretsenso atafa?"

Bambo wa girisi uja anatsegula pakamwa, koma Yayra anamugwira mkono. Mawusi anapitiriza. Anati pofika Lachinayi masana zinyalala zonse za m'chigayo zikhale zitatuluka, chifukwa amayi adzaphikiramo chakudya cha anthu apamaliro. Maliro akadzatha, abale adzakhala pansi n'kuona chochita ndi nyumbayo, popeza ili pa malo a bambo awo, osati a matelala ndi amakaniko. Mpaka tsiku limenelo asamve makina alionse akulira pabwalo la maliro.

Apo ndi pamene Esinam anayankhula ali kuseri kwa chitseko. Mawu ake anali otsika, osasa.

"Tasi, anthu amenewa ndi amene anamunyamula kupita naye kuchipatala."

"Anamunyamula chifukwa anagwera pa mapazi awo. Akanagwera m'kalasi, akanamunyamula aphunzitsi anzake."

Yayra anapinda pepala lake bwinobwino, anatsanzika, ndipo atatuwo anatuluka.

Bokosi linafikadi Lachitatu, lonyezimira ngati galimoto ya nduna, ndipo aneba anabwera kudzalisirira. Chomwe chinatsala chinali thabwa loika pa manda podikira mwala wachikumbutso wa chaka chamawa. Mawusi anagula thabwa la mtengo wolimba, lopalidwa bwino, n'kutuma Dodzi kuti apite nalo kwa wolemba zikwangwani. Dodzi anachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, thabwa lili m'khwapa, lopanda chilembo ngakhale chimodzi. Anafotokoza akuyang'ana pansi. Wolemba zikwangwani wa pafupi ndi siteshoni ya minibasi anali bambo wowonda uja amene anabwera ndi Yayra, ndipo anati za pa thabwa iye amawotchera kuchigayo, kumene Tasi aletsa makina kulira. Kalipentala wa ku Bankoe anati anasiya kusema zilembo ndi tchizulo zaka zitatu zapitazo, amapita kuchigayo. Wachitatu anati angathe kulemba ndi penti, koma mvula yoyamba idzafufuta, ndipo anafunsa modabwa chifukwa chomwe abale a Ticha akuyendera tauni yonse pamene makina ali kuseri kwa nyumba yawo.

Mawusi anamuuza Dodzi kuti ngakhale mbuzi ukaituma imabwerako ndi tsamba kukamwa. Anamulamula alembe pa kapepala mawu onse oyenera kukhala pa thabwa, ndi zilembo zikuluzikulu. Lachinayi m'mawa anamanga nsalu m'chiuno, ananyamula thabwa ndi kapepalako, n'kuwoloka bwalo kupita kuchigayo.

Anali asanalowemo chichokereni chigayo chenicheni. Fungo la ufa lomwe ankalikumbukira linali litatha, m'malo mwake munkanunkha pulasitiki wopserera ndi utuchi. Pamene panali injini ya bambo awo panali tebulo lalitali la makompyuta atatu, palibe awiri ofanana. M'mashelefu munali tizinthu tosawerengeka: timagiya, zikombole za sopo, zidindo zosindikizira maluwa pa nsalu, chigwiriro cha mpeni, dzanja la pulasitiki la zala zinayi. Pakona panali makina oyamba aja, mafupa ake ali pamtunda, nthambo zitamangidwa ndi mphira wa tayala. Mawusi anawayang'ana kwa kanthawi. Ichi ndiye chinadya hedimasitala, chinthu chooneka ngati khola la nkhuku logwa ndi mphepo.

Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ankalongedza m'makatoni, pang'onopang'ono ngati odwala malungo. Bambo wa girisi uja anali pansi pa tebulo akumasula mabawuti. Onse anaima ataona amene walowa. Mawusi anaika thabwa patsogolo pa Yayra n'kuponyapo kapepala.

"Uwotche mawu awa. Ndikufuna litatha ndisanakadye."

Yayra anatenga kapepalako n'kukawerenga, milomo ikuyenda pa chilembo chilichonse. Kenako anakabweza pa tebulo. Anati makina adakali olumikiza, ndipo awayatsa. Koma muno muli lamulo limodzi lomwe Ticha anasiya: munthu sapangiridwa chinthu. Wobwera ndi chosowa amakhala pampando n'kupanga yekha, enawo amangomuuza njira.

"Mwini lamuloyo ali mu firiji ku mochale."

"Tikudziwa, Tasi. Koma ngakhale lamulo likanapita naye, mawu a mzere wachiwiriwo ine sindingalembe. Ticha sanali hedimasitala. Mukawafuna, alembeni ndi dzanja lanu."

Mawusi anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi. Telala, makaniko, mayi wina yemwe ankamudziwa kuti amagulitsa sopo pa siteshoni, nkhalamba ina yovala magalasi omangidwa ndi ulusi. Awa ndiwo anali ophunzira a mlongo wawo. Anasiya ana a anthu ovala yunifolomu n'kudzasonkhanitsa zotsalira za mumsika. Ndipo tsopano zotsalirazo zinkadikira kuona mayi wa sitolo ya ku Accra akubwerera ndi thabwa lake m'khwapa monga anachitira Dodzi.

Anakoka mpando n'kukhala.

"Ngati telala amatha, ndiye kuti si ntchito. Yatsa."

Yayra anayatsa kompyuta n'kuima kumbuyo kwawo. Anawauza kuti ayang'ane chilembo choyamba pa kapepala, achifune pa mabatani, akachipeza achidinde kamodzi, mopepuka. Mawusi anadinda ngati akupha nsikidzi, ndipo chilembocho chinadzaza mzere wonse. Wina anakhosomola kumbuyo. Yayra anawauza batani lofufutira pamene lili, ndipo anayambiranso.

Mawusi ankadziwa manambala kuposa wina aliyense mumsika, ndipo nsalu ankaizindikira ndi chala ali chitsinzinire. Koma zilembo anasiyana nazo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa mabataniwo zinali zomwazika ngati mtedza wotayika, popanda dongosolo lomwe ankalikumbukira. Dzina lakuti Agbeko linawatengera nthawi yokwanira kuphika nyemba. Thukuta linatsika m'khosi. Enawo anabwerera ku makatoni awo, koma palibe chimene chinkalowa m'katoni.

Pofuna kubisa kuchedwa kwawo, Mawusi anafunsa mwachipongwe kuti telala anaphunzira kuti za makompyuta. Yayra anayankha mosakwiya. Anati makina ake osokera, omwe anasiyiridwa ndi mayi ake, anathyoka kagiya kamkati, ndipo m'masitolo onse mpaka ku Lomé anamuuza kuti mtundu umenewo unatha kale. Wina anamulozera kuchigayo. Ticha anakayang'ana kagiyako n'kunena kuti kangapangike, koma akapange yekha. Iye analira, anatukwana, anati sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake. Ticha anangomukokera mpando womwewo. Kagiyako kanatenga masabata atatu, ndipo kanayi konse kanatuluka kopotoka. Kachisanu kanalowa, ndipo mpaka lero makinawo akusoka. Zilembo anaziphunzirira pomwepo, chifukwa kompyuta simva kulozera ndi chala.

Mawusi anasiya kudinda.

"Ndiye anaphunzitsa iwe kuwerenga. Ine amene ndinasenza nsomba kuti iye aphunzire, ayi."

Yayra anazengereza, kenako ananena.

"Ankatiuza za inu, Tasi. Ankati chaka chomwe anayamba ntchito anakugulirani kope ndi pensulo, inu munamugenda nazo. Ankati ndinu wophunzira yekhayo amene anamukanika, ndipo ndinu amene munali ndi mutu kuposa onse."

Mawusi anakumbukira kopelo. Linali la chikuto chobiriwira. Agbeko anabwera nalo kumsika, pamaso pa amayi anzawo, akumwetulira ngati wabweretsa nkhosa, ndipo iwo anamufunsa ngati anamuphunzitsa kuti adzawachititse manyazi. Agbeko sanabwerezenso nkhaniyo mpaka imfa yake.

"Anali wabodza," anatero. "Ndiponso wamwano."

Anabwerera ku mabatani. Anamaliza dzina la bambo awo, lakuti Dzokoto, lomwe linali losavutirapo chifukwa chilembo chozungulira chija chinkabwerabwera. Kenako chala chawo chinatsikira pa mzere wachiwiri wa kapepala, pa mawu aatali omwe Dodzi analemba. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso thabwa, ngati akuyeza nsalu ya kasitomala wovuta.

"Dodzi ndi chitsiru. Mawu onsewa akwana bwanji pa kathabwa aka? Akufuna dzina la munthu lioneke ngati nyerere?"

Yayra akanatha kuwauza kuti zilembo zimachepetsedwa ndi batani limodzi. Sananene.

"Dzina lija mumamuitanira lija, lalifupi lija, limayamba ndi chiyani?"

Yayra anatchula chilembo choyamba cha mawu akuti Ticha. Mawusi anayamba kuchisaka. Ali mkati mosaka, anakwinya mphuno n'kuuza bambo wa girisi uja, osamuyang'ana, kuti asiye kugwedeza tebulo ndi mabawuti akewo. Anati ndani angadye chakudya chophikidwa m'nyumba yonunkha chonchi, anthu a ku Accra angaganize kuti awathira mankhwala. Amayi akaphikire kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango, ndipo zinyalalazi zikhale momwe zilili, asazimwaze pabwalo alendo akubwera. Za nyumbayo adzakamba okha ndi Esinam, osati ndi anthu a mumsika. Makaniko uja anayang'ana Yayra, kenako anayamba kubwezera bawuti yomwe anali atangoimasula.

Chilembo chachitatu chinawasokoneza. Anadinda china, n'kufufuta, n'kudindanso cholakwika, ndipo pofufuta kachiwiri anafufuta ndi theka la dzina la bambo awo lomwe. Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Iwe, konza apa. Ukuona ndikuvutika, wangoima ngati mtengo."

Palibe dzanja lomwe linabwera. Mawusi anatembenuka ndi mkwiyo. Yayra anali ataweramira kutsogolo, maso ali pa galasi la kompyuta, koma manja ake onse anali kumbuyo, lina litagwira linzake padzanja mwamphamvu mpaka mitsempha kutuluka. Mayi wa sopo uja anali atasendera pafupi kudzaonerera, nayenso manja ali kumbuyo. Nkhalamba ya magalasi chimodzimodzi. Anali ataima mozungulira mpandowo ngati akaidi, zala zikuyabwa, palibe wotambasula mkono.

"Mwamangidwa ndani?"

"Ndi momwe ankaimira Ticha," anatero Yayra. "Ankati manja a mphunzitsi ndi akuba, ukawamasula amalanda ntchito ya wophunzira. Chilembo chomwe mukufunacho chili mzere wapansi, Tasi, chakumanzere."

Mawusi anatsonya, kutsonya kwautali kwa mumsika. Kenako anapukuta chala pa nsalu yawo yakuda, n'kuweramira pa mabatani, kuyambira kumanzere.